Musationetse chiwerengero chimodzi n'kubisa chinzake

Loweruka lapitali ndinali ku chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga. Pamene tinali kudikira chakudya, alamu anga ena, munthu wophunzira bwino amene amagwira ntchito ya mu ofesi, anatulutsa foni yawo n'kuyamba kuonetsa anthu chithunzi cha mzere wokwera ngati phiri. Ankanena mokweza mawu kuti katemera wa COVID-19 anali bodza la azungu, chifukwa ku Britain, kumene anthu ambiri anabayitsa, matendawa anagwira anthu ochuluka kuposa kale katemerayo atafika. Ndikanangowasiya, pakuti pa chinkhoswe si pochitira mtsutso, koma iwo anatembenukira kwa mayi wina wachitsikana amene anabereka khanda kumbuyo n'kumuuza kuti asamathamangire kusikelo kukabayitsa mwanayo, poti akatemera onse ndi amodzi. Mtima wanga sunatsikebe mpaka lero.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti chithunzi chawocho sichinali chabodza. Kumayambiriro kwa Januwale 2021, katemera atangoyamba kumene, tsiku limene ku Britain kunapezeka odwala ambiri anali pafupifupi 68,000. Patatha chaka chimodzi, mu Januwale 2022, mtundu wa kachilombo wotchedwa Omicron utafalikira, panali tsiku limene anapezeka oposa 200,000. Alamu anga anaima pomwepo, n'kubweza foni m'thumba ngati munthu amene wapambana mlandu pabwalo la amfumu. Sanationetse mzere wachiwiri, wa anthu amene anagonekedwa m'zipatala. Mu Januwale 2021 anthu pafupifupi 39,000 anali chigonere m'zipatala za dzikolo pa nthawi imodzi chifukwa cha matendawa, pamene mu Januwale 2022 chiwerengerocho chinalekera pafupi ndi 20,000. Otenga kachilombo anachuluka katatu, koma ofuna bedi la kuchipatala anachepa ndi theka. Munthu amene amaonetsa mzere woyamba n'kubisa wachiwiri ndiye kuti akunamiza anthu, ngakhale atakhala kuti nambala iliyonse imene watchula ndi yoona.

Kutenga kachilombo n'kukhosomola masiku atatu uli kunyumba kwako ndi nkhani ina, ndipo kugona m'chipatala uli ndi paipi ya mpweya pamphuno, abale ako akuyang'anira pawindo chifukwa saloledwa kulowa, ndi nkhani inanso. Ndikubwereza zimenezi chifukwa zikuoneka kuti ngakhale ovala mataye zimawavuta kumva. Chiwerengero cha otenga matenda chimakuuzani mmene kachilomboka kakuyendera pakati pa anthu. Chiwerengero cha ogonekedwa m'zipatala ndi cha omwalira chimakuuzani zimene kachilomboko kakuchita kakalowa m'thupi. Ntchito yaikulu ya katemera inaonekera pa chiwerengero chachiwirichi, ndipo amene akufuna kuweruza katemera ayenera kuyang'ana kumeneko.

Inde, pofika mu 2022 anthu ankayezedwa kwambiri kuposa poyamba, ambiri anali atadwalapo kale, ndipo Omicron sinkawononga mapapo ngati mtundu wina wa kachilomboka wotchedwa Delta. Zimenezo sindikukana. Koma amene akuti Omicron inali chimfine wamba chimene sichinkafuna katemera afunse za ku Hong Kong. Mzinda umenewu unadzitchinga bwino kwa zaka ziwiri, moti pofika kumapeto kwa 2021 anthu amene anamwalira ndi matendawa anali ongopitirira pang'ono 200. Vuto linali lakuti okalamba ambiri, makamaka a zaka zoposa 80, anali asanabayitse. Omicron yomweyo, imene alamu anga amaitcha yofooka, italowa kumayambiriro kwa 2022, inapha anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa chabe, ndipo ambiri mwa iwo anali nkhalamba zosabayitsazo. Odwala ankagonekedwa panja pa zipatala chifukwa m'kati munalibe malo. Kachilombo kanali kamodzi ku London ndi ku Hong Kong, koma kanapeza matupi osiyana.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Alamu anga sanafunse kuti chithunzicho chikuwerenga chiyani, ndani anachidula, ndiponso chimene chinali pansi pake n'chiyani. Anangochilandira pa WhatsApp, chinawakomera m'maso chifukwa chinagwirizana ndi zimene ankafuna kale kukhulupirira, ndipo tsopano phulalo akufuna kudyetsa mwana wa eni ake amene sanathe n'komwe miyezi isanu ndi umodzi.

Ndipo n'zochititsa manyazi kuti Mmalawi angaiwale msanga chonchi tanthauzo la chipatala chodzaza. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasandutsidwa malo osamalirirapo odwala. Anthu ankasonkha ndalama pa intaneti kuti agule masilinda a mpweya. Nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe katemera ngakhale m'modzi, pakuti woyamba anafika mu Malichi chaka chomwecho. Masiku amenewo palibe amene ankafunsa kuti lero apezeka nako angati ku Ulaya. Aliyense ankafunsa ngati bedi lilipo ndiponso ngati mpweya ulipo. Funso limene tinkafunsa tili pamoto ndi lomwelo limene tiyenera kufunsa lero tikamaweruza katemera, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake munthu angalisinthe pokhapokha ngati akufuna kupusitsa anzake.

Ngati alamu anga akufuna chokwiyira azungu, chilipo chenicheni, ndipo ndingawathandize kukwiya. Britain inayamba kubaya anthu ake pa 8 Disembala 2020, ife tinadikira miyezi itatu kuti tilandire katemera 360,000 wa COVAX, ndondomeko ya padziko lonse yogawira maiko katemera, m'dziko la anthu oposa 18 miliyoni. Katemera wina amene anabwera kumapeto kwa Malichi 2021 kudzera ku African Union anafika atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti athe mphamvu, ndipo mu Meyi boma linawotcha katemera 19,610 ku Lilongwe anthu akuona. Kenaka mu Novembala chaka chomwecho, akatswiri a ku South Africa ndi ku Botswana atachita chilungamo n'kuuza dziko lonse za Omicron, malipiro awo anali kutsekeredwa ndege. Britain ndi America zinaika Malawi pa mndandanda wa maiko oletsedwa, pamene ku Netherlands kunadzapezeka kuti mtundu womwewo unali utalowa kale chilengezocho chisanachitike. Maiko amene anaunjika katemera m'nkhokwe zawo n'kuyamba kubaya anthu awo kachitatu, anamwino ambiri a mu Africa asanalandire ngakhale koyamba, sanachite zimenezo chifukwa chakuti katemerayo anali wachabechabe.