Nyimbo zamakolo za ku Cuba: mmene Cuba, America ndi Mexico azisungira

M'chaka cha 1993, Gloria Estefan, yemwe anthu ankamudziwa ndi nyimbo zovinira za m'Chingerezi zomwe ankaimba ndi gulu la Miami Sound Machine, anatulutsa chimbale chotchedwa Mi Tierra, chimene nyimbo zake zonse anaziimba m'Chisipanishi komanso motsatira kaimbidwe kakale ka ku Cuba, dziko lomwe anabadwira mu 1957 koma n'kulichoka akadali kamwana. Chimbalechi chinatsogola kwa milungu 58 pa mndandanda wa magazini ya ku America ya Billboard wa zimbale za nyimbo za ku Latin America, ndipo ndicho chinamupezetsa mphoto yake yoyamba ya Grammy. Pa nthawi yomweyo, wailesi za boma la Cuba sizinkaulutsa mawu ake. Zoti nyimbo zotamanda dziko zingamveke kulikonse kupatula pa wailesi za dziko lotamandidwalo sizingamveke bwino ngati sitiyang'ana mayiko atatu oyandikana amene agwira nyimbozi mosiyana kwambiri: Cuba mwiniwake, United States yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 145 kumpoto kwa nyanja, ndi Mexico chakumadzulo.

Tsinde la nyimbozi ndi son, kaimbidwe komwe kanakulira kum'mawa kwa chilumbachi, m'madera a Santiago de Cuba ndi Guantánamo, kumene gitala ndi ndakatulo za anthu ochokera ku Spain zinakumana ndi ng'oma za anthu a ku Africa omwe anatengedwa ukapolo kukalima nzimbe, ukapolo umene ku Cuba unatha mochedwa, mu 1886. Chida chotsogolera ndi tres, gitala ya mawaya asanu ndi limodzi oikidwa awiriawiri m'magulu atatu, ndipo nyimbo yonse imayenda motsatira timitengo tiwiri totchedwa claves, tomwe timagunda kasanu, katatu kenaka kawiri kapena kawiri kenaka katatu. Woimba amayamba ndi ndime zofotokoza nkhani, kenaka nyimbo imalowa gawo lotchedwa montuno, pomwe mmodzi amayambitsa ena n'kumavomera mobwerezabwereza mpaka gule atakolera. Pambali pa son pali bolero, nyimbo yachikondi yoyenda pang'onopang'ono yomwe inabadwiranso ku Santiago, ndi danzón, gule wa anthu awiriawiri yemwe Miguel Faílde anamuonetsa koyamba ku Matanzas mu 1879.

Chisanafike chaka cha 1959, nyimbozi zinkawoloka nyanja popanda chotchinga. Oimba a ku Havana ankakajambula ku New York, Pérez Prado anatchukitsa gule wotchedwa mambo ali ku Mexico City, ndipo Benny Moré, amene ambiri amamutenga kukhala woimba wamkulu koposa wa ku Cuba, anakapangira dzina ku Mexico komweko asanabwerere kwawo. Zonsezi zinasintha Fidel Castro atatenga boma, dziko la America litaika ziletso zamalonda, ndipo oimba atayamba kusankha pakati pa kutsala ndi kuchoka.

Njira imene Cuba inatenga inali yoika nyimbo m'manja mwa boma. Makampani ojambula nyimbo analandidwa, ndipo mu 1964 kunakhazikitsidwa EGREM, kampani ya boma yomwe kwa zaka zambiri inali yokhayo yojambula nyimbo m'dzikomo. Oimba anayamba kulandira malipiro a pamwezi monga ogwira ntchito m'boma, ndipo sukulu ya zaluso ya Escuela Nacional de Arte, yomwe inatsegulidwa mu 1962, inayamba kuphunzitsa kwaulere ana aluso ochokera m'mabanja osauka. Phindu la zimenezi silingakanidwe, pakuti dziko la anthu pafupifupi 11 miliyoni linatulutsa oimba malipenga, piyano ndi ng'oma odziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa komanso odziwa za kumudzi, ndipo magulu monga Los Van Van a Juan Formell, omwe anayamba mu 1969, ndi Irakere ya Chucho Valdés anatenga son n'kumupititsa patsogolo mpaka anabala timba, kaimbidwe katsopano kovinira ka m'zaka za m'ma 1990. Ku Cuba nyimbozi sizinaime malo amodzi.

Koma mtengo wake unali wowawa. Aliyense amene anachoka ankafufutidwa ngati kuti sanakhaleko. Celia Cruz, yemwe anatuluka m'dzikomo mu 1960 pamodzi ndi gulu la Sonora Matancera, sanaloledwe kubwerera kukaika maliro a mayi ake mu 1962, ndipo ana ambiri a ku Cuba anakula osamva mawu ake pa wailesi ngakhale kuti kunja konse ankatchedwa mfumukazi ya nyimbo za kwawo. Nawonso akuluakulu otsala, oimba son wakale, anaiwalika pang'onopang'ono chifukwa achinyamata ankafuna zatsopano. Ibrahim Ferrer anali atasiya kuimba ndipo ankapukuta nsapato kuti aonjezere pa ndalama yake yopumira pamene anaitanidwa ku situdiyo ya EGREM mu 1996 kukajambula nawo Buena Vista Social Club, ntchito yomwe inatheka chifukwa cha kampani ya ku London ya World Circuit, woimba gitala wa ku America Ry Cooder, ndi Juan de Marcos González yemwe ankadziwa kumene nkhalambazo zinkakhala.

Ku Miami zinthu zinayenda mwina. Anthu amene anathawira kumeneko ananyamula Havana wa m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 m'mitima mwawo, ndipo nyimbo zinasanduka chuma cha pabanja, choimbidwa pa maukwati ndi m'makhitchini a agogo, pamene ana obadwira kapena okulira kumeneko ankathamangira nyimbo za Chingerezi. Gloria Estefan ndi mwana wa m'badwo umenewo. Bambo ake anali wapolisi m'boma la Batista lomwe Castro analigwetsa, anamenya nawo nkhondo yolephera ya Bay of Pigs yofuna kuchotsa Castro mu 1961 ndipo anamangidwa ku Cuba, choncho kwa banja lotere kutchula Cuba kunali kutchula bala. Gloria anatchuka kudzera pa khomo la nyimbo za pop, ndipo anabwerera ku kaimbidwe ka makolo ake ali kale ndi dzina, patapita zaka zitatu chichitikireni ngozi ya basi ya mu 1990 yomwe inamuthyola msana.

Chimene chimandichititsa kulemekeza Mi Tierra n'chakuti woimbayo sanangotola nyimbo zakale zodziwika n'kuziimbanso, njira yomwe ikanakhala yapafupi komanso yosaika malonda pachiswe. Iye ndi mwamuna wake Emilio Estefan anasonkhanitsa nyimbo zatsopano zopekedwa m'maonekedwe a son, bolero ndi danzón, ndipo anaitana anthu odziwadi ntchitoyo. Pa gitala yaikulu ya besi panali Israel López, wodziwika kuti Cachao, yemwe pamodzi ndi mkulu wake Orestes anayala maziko a mambo kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Munthu ameneyu anakhala zaka zambiri ku Miami akuimba m'maukwati ndi m'maphwando, anthu ambiri osadziwa kuti ndani, zomwe zikusonyeza kuti kuiwala nkhalamba sikunali matenda a Havana yokha. Pa lipenga panali Arturo Sandoval, yemwe anaphunzira m'sukulu ya boma la Cuba, naimba mu Irakere, n'kuthawa mu 1990. Kotero chimbale cha anthu othawa kwawo chinakometsedwa ndi luso lophunzitsidwa ndi boma lomwe iwo ankadana nalo. Panalinso Tito Puente, mwana wa ku New York wa makolo a ku Puerto Rico, ndi Chamín Correa wa ku Mexico, katswiri wa gitala yaing'ono yoimbira bolero, pamene nyimbo yomwe inapatsa chimbalecho dzina Gloria anaipeka mothandizana ndi Estéfano wa ku Colombia.

Mawu a Gloria Estefan si mawu a woimba son wobadwa nawo. Alibe ukali ndi nthabwala zopeka pomwepo zimene Celia Cruz kapena Benny Moré ankaponya m'gawo la montuno, ndipo pena kusalala kwa situdiyo, pamodzi ndi mavayolini a London Symphony Orchestra, kumachotsa fumbi lomwe son amafunika kukhala nalo. Kumene amapambana ndi m'nyimbo za bolero, momwe mawu ake otsika ndi ofunda amakhala bwino, komanso m'katchulidwe kake ka Chisipanishi komveka bwino, kosathamanga, komwe kamalola ngakhale munthu wosadziwa chinenerocho kumva pamene chisoni chayambira. Ndi Cuba wa m'chikumbumtima, wokongoletsedwa ndi kulakalaka kwa munthu yemwe sanamuone ndi maso a munthu wamkulu, ndipo womvera ayenera kumulandira motero.

Cholakwa cha Miami chinali chofanana ndi cha Havana, kungoti chinayang'ana mbali ina. Monga mmene boma la Cuba linatsekera pakamwa ochoka, anthu ambiri a ku Miami anakana kumva otsala. Los Van Van atakaimba mumzindawo mu October 1999, khamu la anthu linazinga bwalo la Miami Arena likutukwana ndi kugenda omwe ankalowa, ndipo mu 2001 mwambo wa Latin Grammy unasamutsidwa kuchoka ku Miami kupita ku Los Angeles poopa zionetsero zotsutsa oimba ochokera pachilumbapo. Boma la America nalo linalipitsa Ry Cooder chindapusa cha madola 25,000 chifukwa chokagwira ntchito ku Havana, ndipo mu 2004 linamana Ibrahim Ferrer chiphaso chopitira kukalandira Grammy yake. New York, mzinda wina wa dziko lomwelo, inachita zosiyana: kumeneko kampani ya Fania, yomwe Johnny Pacheco wa ku Dominican Republic ndi Jerry Masucci anayambitsa mu 1964, inatenga son n'kumuveka dzina la salsa, ndipo oimba a ku Puerto Rico anamufalitsa dziko lonse, ngakhale kuti ambiri ku Cuba ankadandaula kuti katundu wawo akugulitsidwa ndi chizindikiro cha eni ena.

Mexico ndi imene kawirikawiri imasiyidwa pokamba nkhaniyi, komabe m'kuona kwanga ndiyo inagwira nyimbozi mwaulemu koposa. Dzikoli silinadule ubale ndi Cuba ngakhale pamene mayiko ena a m'chigawocho anatero mu 1964, choncho woimba wa ku Cuba, wochoka kapena wotsala, ankafika kumeneko osafunsidwa kuti ali mbali iti. Danzón, yemwe ku Cuba amatchedwa gule wa fuko koma masiku ano amavinidwa makamaka m'magulu a achikulire, analowera pa doko la Veracruz n'kukhazikika, moti mpaka lero anthu amavina pabwalo lalikulu la mzindawo madzulo, amuna atavala malaya oyera a guayabera, akazi atagwira zokupizira mphepo zomwe amazitambasula pamene nyimbo yafika pa gawo lopumira. Ku Mexico City holo ya Salón Los Ángeles yakhala ikuvinitsa anthu kuyambira 1937, ndipo Loweruka lililonse pabwalo la Ciudadela pamasonkhana ovina danzón a misinkhu yosiyanasiyana. Bolero nayo inapeza olemba ake kumeneko, monga Agustín Lara ndi Armando Manzanero, ndipo ndi Manzanero amene anathandiza Luis Miguel, woimba wina wa pop, kujambula chimbale cha Romance mu 1991, chomwe chinabwezera bolero m'makutu a achinyamata zaka ziwiri Mi Tierra isanatuluke. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo Mexico inaleradi mwana wa Cuba mpaka kudya naye, pakuti mayiko awiriwa anapereka pempho limodzi ku UNESCO ndipo mu 2023 bolero inalembedwa monga chuma cha chikhalidwe cha onse awiri.

Izi sizikutanthauza kuti Mexico inasunga zonse. Inasankha zofewa, zoyenera m'holo ndi pa tebulo la okondana, ndipo ng'oma zolemera za rumba ya m'makwalala a Havana ndi Matanzas, kapena za miyambo ya Chiyoruba, sizinamere mizu yozama kumeneko. Amene akufuna kumva kumene son akupita ayenera kutchera khutu ku Cuba, osati ku Veracruz kapena ku Miami.

Ife a kuno tili ndi chifukwa chathu chomvera nyimbozi, ngakhale Chisipanishi sitichidziwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, kampani ya His Master's Voice inkagulitsa mu Africa zimbale za son wa ku Cuba za mndandanda wa GV, ndipo oimba a ku Léopoldville (lero Kinshasa) ndi Brazzaville anaziphunzira, poyamba akutsanzira mawu a Chisipanishi omwe sankawamva, kenaka n'kuikamo Chilingala, mpaka kunabadwa rumba ya Grand Kallé ndi Franco, yomwe yavinidwa m'maukwati ndi m'mabala a Blantyre, Lusaka ndi Chipata kwa zaka zambiri ndi anthu osamva ngakhale liwu limodzi la Chilingala. Munthu wozolowera kudikira pamene nyimbo ya ku Congo imasiya kudandaula n'kulowa sebene sadzasochera akamva Gloria Estefan akuchoka pa ndime n'kulowa montuno, ndipo akafuna kuyesa kulemera kwa chimbale chake, achiike pambali pa zimene Cachao anatulutsa yekha mu 1994 pansi pa kampani ya Emilio Estefan, zomwe zinamupatsa Grammy yake yoyamba ali ndi zaka zoposa 75.