Ndege inauluka kale, nanga pansi? Kufufuza miyala ku Malawi poyerekeza ndi Zambia, Tanzania ndi Mozambique

Pa mayiko anayi oyandikanawa, dziko la Malawi ndi limene linayamba kupimidwa lonse mothinana kuchokera mumlengalenga. Mu 2013 ndi 2014 ndege za kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics zinauluka kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje pa ntchito imene tonse timaitchula kuti Kauniuni, ndi ndalama za World Bank ndi European Union. Zinkatsata mizere yotalikirana mamita 250, zikuuluka chapansipansi, osafika mamita 100 kuchokera pa nthaka, n'kumayeza mphamvu ya maginito ya m'matanthwe komanso cheza chochokera ku potaziyamu, yureniyamu ndi thoriyamu. Pa kafukufuku wa 1984 ndi 1985, amene a Hunting Geology and Geophysics anachita mothandizidwa ndi UNDP, mizere inkatalikirana kilomita yathunthu. Thanthwe la mamita 400 m'litali likhoza kugona pakati pa mizere iwiri yotereyi ndege osalimva n'komwe, pamene pa mamita 250 mzere umodzi kapena iwiri ilidutsa basi.

Ku Tanzania kafukufuku wa dziko lonse ndi wakale, wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, wa mizere ya kilomita imodzi, ndipo boma lenilenilo limanena kuti gawo lopimidwa mothinana ndi 16 peresenti yokha, cholinga chawo n'chakuti afike theka la dziko pofika 2030. Ku Mozambique ndege za Fugro zinapima zigawo zosankhidwa cha m'ma 2004 ndi 2005, osati dziko lonse. Zambia inadzuka mochedwa koma ndi mphamvu: mu 2024 inayamba kupima dziko lonse ndi kampani ya Xcalibur pa mgwirizano wa madola pafupifupi 98 miliyoni. Pamenepa ife tinali patsogolo ndi zaka khumi. Chodandaulitsa n'chakuti mapu a mumlengalenga amangokuuza poti ukayime, osati poti ukabowole, ndipo pa ntchito ya pansiyo ndi pamene malamulo ndi chizolowezi cha anzathuwa zikutiposa.

Tiyambe ndi kukula kwa malo. Chiphaso chofufuzira miyala kwathu kuno chikhoza kufika masikweya kilomita 2,500, ndipo pa lamulo la 2019 chinali cha zaka 3, n'kuwonjezeredwa kawiri zaka ziwiriziwiri. Ku Zambia, pa lamulo lawo la 2015, chiphaso chachikulu chinkalekezera pa masikweya kilomita 2,000, zaka 4 poyamba kenako 3 ndi 3, ndipo pa kuwonjezera kulikonse unkabweza theka la malo. Ku Tanzania malire ndi masikweya kilomita 300, zaka 4, kenako 3, kenako 2. Ku Mozambique malamulo a 2014 ndi 2015 anaika malire pa mahekitala 19,998, omwe ndi masikweya kilomita pafupifupi 200, kwa zaka 5 zowonjezereka ndi 3.

Manambalawa ndi amene amasankha chida. Kuti uyende pansi ndi magnetometer, chida choyezera mphamvu ya maginito, pa mizere yotalikirana mamita 100, sikweya kilomita iliyonse imafuna makilomita 10 a ulendo. Malo a ku Mozambique aja ndi makilomita 2,000 a mizere, ndipo magulu anayi oyenda makilomita 10 patsiku akhoza kumaliza m'masiku 50 a chilimwe. Malo a masikweya kilomita 2,500 ndi makilomita 25,000 a mizere. Gulu limodzi lingathe zaka pafupifupi 7 likuyenda tsiku lililonse osapuma, chiphaso n'kutha ntchito ili pakati. Walira mvula walira matope: wopempha malo aakulu wapempha bajeti ya ndege kapena helikopita, ndipo ngati alibe ndalamazo malowo amangokhala atatsekedwa, wina amene akanayenda nawo pansi osatha kulowapo. Ife tikuona kuti njira ya Tanzania ndi Mozambique ndiyo yoyenera dziko lokhala kale ndi Kauniuni. Malo aakulu anali ndi nzeru nthawi imene kampani inkayenera kudziulutsira yokha ndege kuti idziwe poyambira. Lero poyambira palembedwa kale pa mapu a boma a ku Geological Survey Department ku Zomba.

Koma si zonse za anzathu zimene zingakoperedwe, chifukwa miyala imene akusaka si yofanana ndi yathu. Mkuwa wa ku Copperbelt ndi ku North-Western, ku Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel, sukoka maginito. Mapu a maginito kumeneko amangosonyeza mmene matanthwe anapindikira ndi pamene anang'ambikira, ndipo kuti aone miyala yokhala ndi mkuwayo amadalira njira zamagetsi, makamaka yotchedwa IP (induced polarisation). Amakhoma zitsulo m'nthaka motalikirana mamita 50 kapena 100, kulowetsa magetsi, kuwadula, n'kuyeza mmene nthaka ikuchedwera kutaya mphamvuyo. Timiyala ta sulphide tomwazikana m'thanthwe timasunga mphamvu kwa kanthawi, ndiye chizindikiro chimakwera. Vuto n'lakuti pyrite yopanda phindu ndi graphite zimachitanso chimodzimodzi, ndipo matanthwe akuda okhala ndi kaboni ndi ochuluka m'dera limenelo. Mabowo ambiri okwera mtengo alowa m'thanthwe lakuda lopanda kanthu chifukwa wina anakhulupirira IP yokha osayeza kaye dothi kuti aone ngati muli mkuwa. Ndipo zosaya zinapezeka kale: miyala ya ku Mingomba ku Chililabombwe, imene a KoBold Metals akufufuza, ili pansi kupitirira kilomita imodzi, kumene IP ya masiku onse sifika.

Graphite yomweyo imene imasokoneza a ku Zambia ndiyo chuma ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado ndi kwathu ku Malingunde. Imadutsitsa magetsi bwino kwambiri, choncho njira ya EM (electromagnetic), yosaka matanthwe odutsitsa magetsi, imaiona mosavuta. Chimene chimanamiza pano ndi dongo la m'madambo, lomwenso limadutsitsa magetsi makamaka likanyowa. Chizindikiro cha EM chikamakhota motsata dambo m'malo motsata kagonedwe ka matanthwe, ndi dongo limenelo.

Mwayi wathu waukulu uli pa radiometric, njira yoyeza cheza chija. Mapiri a carbonatite ndi miyala ina ya m'chigawo cha Chilwa, monga Kangankunde ku Balaka ndi Songwe Hill ku Phalombe, amakhala ndi thoriyamu pamodzi ndi miyala ya rare earths, ndipo amaoneka pa mapu ngati timadontho towala. Niobium wa ku Kanyika ku Mzimba anatsatidwa kuchokera pa chizindikiro cha cheza cha pa kafukufuku wa m'ma 1980 uja. Yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga ali m'matanthwe akale a mchenga otchedwa Karoo, mtundu womwewo umene uli ndi yureniyamu ku Mkuju River ku Tanzania ndi ku Mutanga chakufupi ndi Siavonga ku Zambia, kutanthauza kuti amene akufufuza Karoo mbali ino ayenera kuwerenga zimene anzathu anapeza mbali inayo. Komabe chida cha cheza chimamva masentimita pafupifupi 30 okha a pamwamba pa nthaka. Mchenga wobwera ndi mtsinje, madzi kapena dothi lochindikala zimaphimba zonse. Mvula ikangogwa nthaka yonyowa imachepetsa chizindikiro, pamene radon, mpweya wa cheza wochokera ku yureniyamu, yotsika ndi mvulayo imakweza nambala ya yureniyamu kwa maola angapo, ndiye woyeza wanzeru amadikira kuti kuume. Palinso mchenga wakuda wa m'mitsinje wokhala ndi monazite, umene umaonetsa thoriyamu wokwera pamalo pamene si pochokera pake. Ndipo pali miyala ina imene ndege siiona: rutile wa ku Kasiya m'chigwa cha Lilongwe a Sovereign Metals anamutsimikiza pobowola ndi auger ya pamanja, bowo ndi bowo, m'dothi lofumbutuka la pamwamba.

Pa ntchito ya maginito ya pansi zolakwika zimafanana m'mayiko onse anayi. Mphamvu ya maginito ya dziko kuno ndi ma nT (nanotesla, muyezo wa mphamvu ya maginito) opitirira pang'ono 30,000, ndipo imasintha yokha ndi ma nT makumi angapo pa tsiku chifukwa cha dzuwa. Popanda chida chachiwiri chokhazikika pamalo amodzi, chimene chimalemba kusinthaku tsiku lonse kuti kuchotsedwe pa zoyezedwa, mapu amatuluka ndi mikwingwirima yotsata mizere, yongosonyeza nthawi imene munthu anadutsa. Woyeza amasiya foni, makiyi, lamba wa chitsulo, chikwanje ndi nsapato za chitsulo kuphazi. Amalemba m'buku paliponse pamene wadutsa pafupi ndi denga la malata, mjigo, mlatho kapena mawaya a magetsi. Mizere imadulidwa mopingasa kagonedwe ka matanthwe, osati motsatana nako. Ndipo chifukwa tili kummwera kwa equator, kumene maginito a dziko amalowa mopendekeka, nsonga ya chizindikiro imagwera kumpoto kwa thanthwe lenilenilo, chigwa chake kummwera. Wobowola pa nsonga osakonza kaye mapuwo akhoza kuphonya ndi mamita makumi angapo kapena kuposa. Mizere ya thanthwe lakuda la dolerite ya nthawi ya Karoo imaonjezeranso chisokonezo chifukwa inasunga maginito akale oloza kwina.

Pali cholakwika china chimene chimabwera ndi malire a mayiko, ndipo chimaononga ndalama mwakachetechete. Mapu aliwonse amakhala ndi datum, maziko owerengera manambala a malo. Mapu akale a ku Malawi ndi ku Zambia anajambulidwa pa Arc 1950, a ku Tanzania pa Arc 1960, a ku Mozambique ambiri pa Tete, pamene GPS ya m'manja imabwera ili pa WGS84. Pakati pa Arc 1950 ndi WGS84 pali kusiyana kwa mamita pafupifupi 300. Katswiri wochokera ku Kitwe kapena ku Mwanza akabwera ndi GPS yotchera pa WGS84, n'kutenga nambala pa mapu akale a ku Zomba osafunsa kuti anajambulidwa pa chiyani, bowo lake likhala patali ndi chizindikiro kuposa mpata wa mizere ya Kauniuni. Mwinanso likhala m'chiphaso cha mnzake. Pa zigawo za mapu zotchedwa UTM, dziko lathu lonse lili mu chigawo 36, koma Copperbelt ili mu 35 ndipo kummawa kwa Mozambique ndi 37, choncho zimenezinso ziyenera kulembedwa pa fayilo iliyonse. Pa kuyeza kwa gravity, mphamvu yokokera zinthu pansi, vuto limakhala la msinkhu: kuphonya mita imodzi yokha kumabweretsa cholakwika cha 0.2 mGal (muyezo wa mphamvuyo), chomwe chikhoza kufanana ndi chizindikiro chimene ukusakacho, ndiye GPS ya m'manja siyokwanira, pamafunika DGPS, GPS yoyeza molondola kwambiri.

Pa nkhani ya kusunga zimene zapezeka, Tanzania ndi yotiphunzitsa. Kusintha kwa malamulo kwa 2017, kumene ambiri amakukumbukira chifukwa cha gawo la boma la 16 peresenti m'migodi, kunalamulanso kuti zonse zimene kampani yayeza ziperekedwe ku Geological Survey of Tanzania ku Dodoma, ndiponso kuti zitsanzo za miyala zisatuluke m'dziko popanda chilolezo. Zina mwa malamulowo zinathawitsa obweretsa ndalama, ndipo kufafaniza ziphaso zosungira malo mu 2018 kunathera ku mabwalo a milandu a kunja, zimene sitikufunira dziko lathu. Koma gawo la kusunga zoyezedwalo ndi lolondola. Zambia ikupindula lero ndi mabuku a mabowo a zaka pafupifupi 100 a ku Copperbelt, amene makampani atsopano akuwawerenganso ndi makompyuta. Lamulo lathu la migodi la 2023, limene linakhazikitsa Mining and Minerals Regulatory Authority, nalonso limafuna malipoti. Chofunika kuumirira ndi mtundu wa lipotilo. Chithunzi cha mapu okongola m'buku sichithandiza wobwera pambuyo. Iye amafuna mafayilo a nambala zenizeni za mzere uliwonse, zolemba za chida chokhazikika chija, mtundu wa chida, tsiku, ndi datum. Popanda zimenezi kampani yotsatira imalipira kuyeza kachiwiri malo omwe aja, m'malo moika ndalamazo pa kubowola.

Anthu a m'midzi nawonso ndi mbali ya ntchitoyi, ndipo pano Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique akufanana. Alendo oyenda m'minda ndi mawaya aatali ndi zitsulo zokhoma pansi amadzetsa mantha. Mphekesera za anamapopa za 2017 zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, komwenso kuli miyala yambiri imene tikukambayi. Gulu lisanadule mzere ndi umodzi womwe liyenera kuonekera kwa DC, kwa a T/A ndi kwa anyakwawa, kusonyeza zidazo pa msonkhano wa mudzi, ndi kulemba ntchito achinyamata a konkuno kuti azidula mizere ndi kulondera mawaya. Kulonderako si kwa akuba okha. Mawaya a IP amanyamula ma volt mazana angapo mpaka masauzande, okwanira kupha mwana kapena ng'ombe, ndiye pa chitsulo chilichonse cholowetsa magetsi pamayenera kuyima munthu wokhala ndi wailesi yolumikizana ndi woyatsa makina. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mbewu zitakololedwa, kuti pasakhale milandu ya chipukuta misozi cha chimanga choponderezedwa. Chakumapeto kwa chilimwe nthaka imauma mpaka kukana magetsi, choncho gulu la IP limayenda ndi zigubu za madzi a mchere othira pa chitsulo chilichonse, ndipo mvula yoyamba ya ziphaliwali ikangoyamba mawaya onse amakulungidwa.