Bambo anasowa kalekale, koma fomu ikuwafunabe

Amayi amene mukulera nokha ana ku America, ndi inu achinyamata amene mukufunsira malo kumayunivesite akumeneko muli ku Malawi, nkhani iyi ndi yanu.

Pofuna thandizo la fizi pali mafomu awiri. FAFSA ndi ya boma la America, ya nzika zake ndi ena ololedwa monga a green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo), ndipo pankhani ya makolo osiyana ilibe mavuto ambiri: limadzaza ndi kholo limodzi. Kuyambira chaka cha maphunziro cha 2024-25, kholo lake ndi limene lakhala likupereka ndalama zambiri zosamalira mwanayo m'miyezi 12 yapitayo. Pamene pagona nkhani ndi pa CSS Profile, fomu ya bungwe la College Board imene masukulu ngati Harvard ndi Yale amagwiritsa ntchito pogawa ndalama zawozawo. Ambiri mwa masukulu otere amafuna kuti kholo linalo lidzazenso fomu yake, liulule malipiro ndi katundu amene lili naye. Kaya banja linatha liti, kwa iwo wobereka ndi wobereka basi.

Ine lamuloli sindikulida. Popanda ilo, abambo ena andalama zawo akanamabisala kumbuyo kwa chisudzulo, thandizo la ana ovutika n'kumapita kwa ana awo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mtolo wonse amausenzetsa mwana. Munthu anachoka mwana akuyamwa, nambala anasintha, sanagulepo ngakhale kope limodzi, ndiye lero mtsikana wa zaka 17 ndi amene ayambe kumusakasaka pa Facebook?

Njira ilipo, yopempha kuti sukulu ichotse kholo losowalo pachiwerengero, imene amaitcha waiver. Koma kungonena kuti bambo akukana kulipira sikuthandiza, chifukwa chimenecho sachilandira. Amafuna umboni woti munthuyo sadziwika kumene ali, kapena kuti panali nkhanza moti kumufunafuna kungaike mwana pachiswe. Amapempha mapepala akukhoti kapena akupolisi ngati alipo, ndi kalata ya munthu wapadera wodziwa bwino banjalo, monga mphunzitsi, mlangizi wapasukulu kapena abusa. Kalata ya azakhali kapena agogo kawirikawiri sailemekeza, poti ndi achibale.

Apa ndi pamene ife timagwa nayo. Maukwati athu ambiri amamangidwa ndi ankhoswe, amathanso pamaso pa ankhoswe omwewo, popanda pepala lililonse. Bambo anangoti ndikupita ku Joni, mpaka lero zii. Mayi sanapite kukhoti kukasuma za chisamaliro cha mwana, poopa kuti anthu ati akuyalutsa banja. Kutchalitchi akafunsidwa amangoti, "Abambo ali kuntchito kutali." Zaka 15 akubisa, ndiye abusa alemba chiyani m'kalatamo, iwo akudziwa kuti banja lilipo? Tisaiwalenso kuti fomu ya CSS Profile siimutenga ngati kholo malume amene wakhala akulipira fizi kuyambira sitandade 1. Imafunsa za bambo womubereka.

Choncho mayi, muuzeni mlangizi wapasukulu ya mwana wanu zoona zake mwana asanafike kalasi yomaliza, kuti podzalemba kalata adzanene zimene wakhala akuzidziwa. Mwana naye alembe mosazungulira: anawaona liti komaliza, anatumizapo ndalama kapena ayi. Ngati anaimbapo foni Khirisimasi ina, anene. Bodza likagwidwa, thandizo lonse likhoza kulandidwa.

Fomu ya CSS Profile imatsegulidwa pa 1 Okutobala, ndipo pempho la waiver sukulu iliyonse imaliweruza payokha. Ina ikhoza kuvomera, ina n'kukana pamapepala omwewo. Pamndandanda wa masukulu ofunsirako muikeponso angapo amene safunsa n'komwe za kholo linalo, makamaka mayunivesite aboma amene amangoyang'ana FAFSA, ngati muli m'gulu la ololedwa kuidzaza.