Ku England njinga ndimaisenza, ku Scotland imandisenza

Loweruka lapitali ndinabwerera kunyumba phewa lili fwaa kutupa, miyendo ili bwinobwino. Munthu akachoka ndi njinga m'mawa n'kubwerako akudandaula phewa, musamufunse komwe anapita. Anali ku England kuno, m'mbali mwa mtsinje.

Ndinakwera sitima ku Leeds n'kutsikira ku Ilkley, cholinga n'kutsata mtsinje wa Wharfe chokwera, kutali ndi magalimoto. Kanjira kake kokongola zedi, timiyala pansi, madzi kumanja, nkhosa zili balala. Sindinapalase mphindi khumi, khoma la miyala ili, lokhala ndi timasitepe totuluka m'mbali toti munthu akwerepo. Njinga paphewa. Kutsika, kupalasa pang'ono, kageti kaja kokhotakhota koti munthu mmodzi yekha ndiye akwanemo. Njinga pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Pofika pa mpanda wachisanu ndi chimodzi ndinali nditakanda penti ya fulemu, tcheni chitandipaka mafuta patsaya. Ndiye mpomwe anatulukira bambo wina wachikulire ndi galu wake. Sanakalipe ayi. Anangoloza kachizindikiro kobulungira kokhomedwa pamtengo, kokhala ndi muvi wachikasu, n'kundiuza mwaulemu uja wa kuno, woti akukudzudzula uku akumwetulira, kuti njira imeneyi ndi ya oyenda pansi basi.

Chomwe chikundipweteka mpaka lero n'choti bamboyo sanalakwe. Muvi wachikasu ndi wa oyenda pansi. Wanjinga ufulu wake uli pa muvi wobiriwira ngati mtambo, njira za akavalo zotchedwa bridleway, ndipo ufulu umenewo tinachita kuupatsidwa ndi lamulo la 1968, monga alendo a eni akavalo. Njira zoterezi n'zochepa, mwina imodzi pa zisanu zilizonse, ndipo nthawi zambiri zimathawa mtsinje n'kukwera phiri. Kupalasa pa ya oyenda pansi sakumanga, koma mwini malo ali ndi mphamvu yokuuza kuti choka. Lamulo la 2000 lomwe anzathu a kuno amalitama kuti linatsegula mapiri ndi madambo linatsegulira miyendo yokha, matayala ayi. Ndiye njira yotchedwa Dales Way yonse ija, mamailosi pafupifupi 80 kuchokera ku Ilkley mpaka ku Windermere, wanjinga mbali yaikulu amangoyiona ndi maso ngati nyama ya pa butchala mwezi usanathe.

Tsono milungu itatu m'mbuyomo ndinali ku Banavie, kufupi ndi Fort William ku Scotland. Inu amene munafikako mukudziwa pomwe ndikunena: pamwamba pa Neptune's Staircase, zitseko zamadzi zisanu ndi zitatu zosanjikizana zokwezera maboti pa ngalande ya Caledonian, imene Thomas Telford anakonza n'kutsegulidwa mu 1822. Kuchoka pamenepo kupita ku Gairlochy njira ndi ya timiyala tosalala, yotakata, ngalande mbali iyi, mtsinje wa Lochy m'munsi mbali inayo, Ben Nevis akukuyang'ana. Phiri amalinyadira limenelo ndi mamita 1,345, silifika ndi theka la Sapitwa lomwe, koma tisawakhumudwitse eni ake. Ndinapalasa osatsikapo. Panjira ndinaona kanjira kena kolowera kumtsinje, kodutsa m'busa la nkhosa, ndipo ndinaima pageti n'kumafunafuna muvi, chizolowezi cha ku England. Mayi wina amene ankadutsa anandifunsa ngati ndasochera. Nditamuuza chomwe ndikufuna, anaseka. Akuti lowani, mutseke geti pambuyo panu, basi.

Basi! Mawu amenewo ali ndi lamulo kumbuyo kwake. Nyumba ya malamulo ya Scotland inakhazikitsa Land Reform Act mu 2003, ndipo kuyambira 2005 munthu ali ndi ufulu woyenda pansi, pa njinga, pa kavalo kapena pa bwato pafupifupi paliponse, bola achite mosamala. Osalowa pakhomo pa munthu, osaponda mbewu m'munda, osabwera ndi chainjini, osasokoneza ziweto. Kwatsalako n'kwako. Ine ndinakulira kumene kanjira kakadutsa m'mphepete mwa munda wa munthu, umangoliza belu n'kunena kuti zikomo, iye n'kuweramuka, kuyankha, n'kupitiriza kupalira. Nzeru ya ku Scotland ndinaimva msanga chifukwa si yachilendo kwa ine. Yachilendo ndi iyi yoti kanjira kamodzimodzi kakhale kovomerezeka kwa nsapato koma koletsedwa kwa tayala. Pitani ku Coldstream mukaone zoseketsa: mtsinje wa Tweed ndiwo malire, tsidya lino lamulo lina, tsidya ilo lina, udzu womwewo, nkhosa zofanana.

Ndisanamizire England zonse, anzanga a ku Leeds ndi Manchester mungandidye wamoyo. Pa ngalande, England ndi dolo. Canal & River Trust, imene inatenga udindo mu 2012, imasamalira mamailosi 2,000 a ngalande ndi mitsinje ku England ndi Wales, ndipo pafupifupi njira zonse za m'mbali, zija akavalo ankakokerapo maboti, wanjinga amaloledwa popanda chiphaso. Scotland ngalande zake zonse kuphatikiza pamodzi sizifika mamailosi 150. Ngalande ya Leeds and Liverpool yokha ndi mamailosi 127. Ndimatuluka pakhomo, mphindi zochepa ndili pamadzi, kudutsa Saltaire, kukafika pa Bingley Five Rise, zitseko zisanu za mu 1774 zomwe zikugwirabe ntchito, osakumana ndi galimoto. Zimenezo sindikana. Koma kanjirako n'kopapatiza, oyenda pansi ndiwo oyamba, agalu ali pa zingwe zazitali zopingasa njira, ndipo asodzi amayala ndodo zawo zazitali ngati milongoti, kuti udutse mpaka adzuke. Pansi pa milatho yakale umawerama, handulo ikukhudza khoma, madzi ali pomwepo kudikira. Ndipo ukangofuna kusiya ngalande kuti utsate mtsinje weniweni, muvi wachikasu uja wayamba.

Ndivomerezenso china: amene akufuna timiyala enieni, ngalande ziwiri za pakati pa Glasgow ndi Edinburgh zimukhumudwitsa. Njira ya m'mbali mwa Forth and Clyde, ya mu 1790, ndi ya Union Canal, ya mu 1822, mbali yaikulu anaithira phula. N'zoona umachoka mzinda uwu kukafika winawo tsiku limodzi osapikisana ndi lole, umaona Falkirk Wheel ikunyamula boti mamita 24 m'mwamba monga yakhala ikuchitira kuyambira 2002, koma matayala ako okhakhala aja amangolira pachabe. Malo okha amene umakumbuka kuti uli pa njira yakale ndi m'phanga la ku Falkirk, mamita oposa 600 a mdima ndi madzi odontha m'khosi, lomwe linakumbidwa chifukwa mwini Callendar House sanafune kuona ngalande pafupi ndi nyumba yake. Eni malo ovuta analiko nakonso, si ku England kokha. Ndiye pali Avon Aqueduct, mlatho wowolotsa ngalande pamwamba pa mtsinje, pomwe umatsika n'kukankha njinga pa miyala yoterera uku chigwa chili pansi patali.

Za mvula sindinena, yonse ndi imodzi. Koma tizilombo touluka tija ta ku Highlands, kumapiri a kumpoto kwa Scotland, totchedwa midges, ndi nkhani ina. Udzudzu wa ku Nsanje umayamba waimba kaye, uli ndi ulemu. Iti timabwera mwakachetechete, chikhamu, nthawi yachilimwe mphepo ikangoleka. Tayala linandiphwera pafupi ndi mlatho wa Moy pa ngalande ya Caledonian, uja amautsegula ndi manja mpaka lero, ndipo mphindi khumi zomata chubu zinandisiya nkhope ngati ya wodwala chikuku. Pamenepo ndinalakalaka Yorkshire, dera la Leeds kuno, sindibisa.

Komabe mukandiika pakati n'kundiuza kuti sankha, tizilombo kapena mipanda, ine tizilombo. Tizilombo umagula kaneti ka kumutu, nkhani yatha. Mpanda ulibe mankhwala. Bambo wa galu uja, mwa ubwino wake, anandilozera njira yovomerezeka: kamsewu kopapatiza ka phula, makoma a miyala mbali zonse, kodzaza magalimoto a anthu opita kokaona mtsinje womwewo. Ndinabwerera ku Ilkley galimoto yokoka kalavani ili pa msana panga, mtsinje ndikungoumva kuseri kwa khoma.

Mwezi wamawa ndikukwera sitima ya ku Glasgow. Ndikufuna kutsata mtsinje wa Clyde kuchokera mumzinda mpaka ku Blantyre, Blantyre woyambayo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, nyumba yake ili pagombe pomwepo. Ndikakhala ndi mphamvu ndipitirira ku New Lanark, ngakhale chakumtundako kuli masitepe ndi matope moti mwina ndikasenzanso. Kusenza kumeneko ndidzasenza mosangalala, chifukwa palibe adzandilozere muvi. Amene ali ndi njinga ku Leeds kuno, malo a njinga m'sitima ndi ochepa, sungitsiranitu.