Musamatule sitika yakale pa BMX

Sabata yatha mnzanga wina ananditumizira zithunzi za njinga yomwe amafuna kugula pa intaneti. Inali BMX ya mtundu wa Mongoose, yonyezimira ngati yangotuluka m'sitolo, masitika ake onse athunthu, opanda pokalika ngakhale pamodzi. Wogulitsa analemba kuti ndi ya 1981 ndipo palibe chomwe chinasinthidwapo. Ndinamuuza mnzangayo kuti ayambe waima kaye, asatumize ndalama. Njinga ya ana yomwe yatha zaka zoposa 40 siikhala yosalala chonchi, pokhapokha itakhala kuti inagona m'katoni nthawi yonseyi, ndipo zoterozo n'zosowa kwambiri.

Ndikudziwa kuti ena mukudabwa kuti munthu wamkulu angataye bwanji nthawi ndi kapepala komata panjinga. Nkhani yake ndi iyi. BMX inayambira ku California chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pomwe ana ankatsanzira mipikisano ya njinga zamoto pogwiritsa ntchito njinga zawo zopalasa, makamaka Schwinn Sting-Ray. Kenaka panabadwa timakampani ting'onoting'ono topanga mafelemu olimba. Mu 1974 Skip Hess anayambitsa kampani yomwe inadzatulutsa Mongoose. Scot Breithaupt anayambitsa SE Racing, yomwe inapanga PK Ripper, dzina lochokera kwa wopalasa wake Perry Kramer. Gary Turner ndi Richard Long anabweretsa GT. Bob Haro anayamba ndi kupanga mapuleti a manambala, kenaka mu 1982 anatulutsa Haro Freestyler. Chaka chomwecho ku Britain, Raleigh, dzina lomwe ife tinalidziwira pa njinga za agogo athu, inatulutsa Burner. Ana omwe ankalira njinga zimenezi nthawi imeneyo lero ndi akuluakulu a ndalama zawo, ndipo akuzisakasaka. Mitengo inakwera, ndipo pomwe pakwera mtengo akamberembere sachedwa kufika.

Chomwe chimapatsa sitika mphamvu n'chakuti njinga zambiri za mtunduwu zinalibe kachitsulo ka dzina kokhomera kutsogolo ngati njinga zikuluzikulu zakale. Dzina lonse linali pa sitika. Mukaichotsa, kwa munthu wosadziwa patsala mapaipi owotcherera basi. Ndiye wina akhoza kutenga felemu wamba, n'kuipenta, n'kumatapo dzina lodula, ndipo maso a wogula amathamangira dzinalo.

Anthu osonkhanitsa njingazi ali ndi mawu awo. Njinga yomwe idakali ndi penti ndi masitika a kufakitale, ngakhale atakalika, amaitcha survivor. Sitika yakale yeniyeni yomwe sinamatidwepo chipangidwireni amaitcha NOS. Yopangidwa masiku ano motsanzira yakale amati repro, ena amati repop. Ine ndilibe mlandu ndi repro. Felemu yomwe inadyedwa ndi dzimbiri mpaka dzina kufufutika iyenera kuvekedwa, ndipo amene amapanga masitika atsopano mosamala akutithandiza tonse. Makampani enanso eni ake, monga SE, Haro ndi Raleigh, anatulutsanso njinga zofanana ndi zakale zija, poyera, popanda kubisa. Chomwe chimandiwawa ndi bodza: kutenga sitika yosindikizidwa mwezi watha n'kuiitanira mtengo wa NOS, kapena kuimata pa felemu n'kunena kuti inachokera nayo kufakitale.

Zinandichitikirapo. Ndinagula seti ya masitika yomwe wogulitsa analumbira kuti inapezeka m'kabati ya sitolo ya njinga yomwe inatsekedwa kalekale. Itafika ndinaiika pansi pa galasi lokulitsa zinthu, ndipo mtima unangoti myuu. Mtundu wofiira unali timadontho tating'onoting'ono tosakanikirana. Nditamufunsa, anangoti zimaoneka chimodzimodzi, vuto lili pati. Vuto lilipo, chifukwa ndinalipira ukale wake, osati maonekedwe okha.

Timadontho timeneti ndi poyambira pabwino, ndiye ndikhalitsepo pang'ono. Masitika ambiri a nthawi imeneyo ankasindikizidwa podutsitsa inki pa kansalu kopyapyala konga sefa, njira yomwe amagwiritsanso ntchito polemba malaya. Mtundu uliwonse unkaikidwa paokha: woyera kaye, uume, kenaka wofiira, kenaka wakuda. Chifukwa cha ichi mtundu umakhala wodzaza, wokhathamira, wopanda madontho. Mukayendetsa chikhadabo mofatsa, nthawi zambiri mumamva kampanda kakang'ono pomwe mtundu wina wathera ndipo wina wayambira. Mukayang'anitsitsa mupezanso kuti mitundu ina inaphonyana pang'ono, wakuda kulowerera pa wofiira mbali imodzi, mbali inayo n'kusiya kampata. Kuphonyana kumeneku ine ndimakukonda, chifukwa ndi chizindikiro cha ntchito ya nthawi imeneyo. Makina ambiri a masiku ano olumikiza ku kompyuta amapopera mitundu inayi yokha, wabuluu, wofiirira, wachikasu ndi wakuda, n'kuisakaniza m'timadontho kuti diso lione mtundu womwe likufuna. Patali simungazindikire. Jambulani pafupi ndi foni, kulitsani chithunzicho, muona ngati mchenga.

Mitundu yowala mothobwa m'maso, ija inatchuka pakati pa zaka za m'ma 1980 pa njinga zochitira masewero monga GT Performer ndi Haro Master, imavumbulanso chinyengo msanga. Pinki kapena gilini wowala chonchija amafuna inki yakeyake. Makina wamba osakaniza mitundu inayi amatulutsa pinki wozizira, wakufa. N'chimodzimodzi ndi siliva ndi golide: pa sitika yotchipa zimangooneka ngati zotuwa kapena zachikasu.

Kenaka yang'anani zilembo zing'onozing'ono. Ambiri opanga zachinyengo amajambula sitika yakale ndi sikana n'kuisindikizanso, ndiye m'mphepete mwa zilembo mumakhala mofufuma, kachizindikiro ka R wa m'kabwalo kamasanduka kabanga. Ena amalembanso mawuwo pa kompyuta ndi zilembo zongofanana, osati zenizenizo, ndipo mukaika pambali pa chithunzi cha m'katalogi ya chaka chimenecho mupeza mwendo wa chilembo wafupika kapena mipata yatalikirana. Makatalogi ndi magazini akale alipo ambiri pa intaneti, ndipo pa tsamba la pa intaneti lotchedwa BMX Museum pali zithunzi za njinga zosawerengeka zomwe eni ake anaika. Fanizirani ndi chaka chenichenicho, chifukwa makampaniwa ankasintha masitika pafupipafupi. Sitika yeniyeni ya chaka china pa felemu ya chaka china ndi nkhani yofunikanso kuifunsa.

Koma ndisakunamizeni kuti galasi limathetsa zonse. Alipo opanga repro aluso omwe amagwiritsa ntchito sefa yomweija, inki yokhathamira yomweija. Pamenepo chotsala ndi ukalamba, ndipo ukalamba ndi wovuta kuunamizira. Sitika yomwe yakhala pa felemu zaka 40 imakhala ndi kamzere ka litsiro m'mphepete, pomwe guluu anatuluka n'kugwira fumbi. Mbali yoonekera mkati imachita chikasu. Mtundu wofiira umafwifwa msanga ndi dzuwa kuposa wakuda. Pomwe ngodya yatukuka, penti ya pansi pake imakhala yowala kuposa yozungulira. Ndipo zipsera zimagwirizana: ngati felemu inakalika pamwala, mkalo umadutsa pa penti n'kupitirira pa sitika. Mukaona mkalo ukulowa pansi pa sitika n'kutulukira mbali ina, sitikayo ili bwinobwino, dziwani kuti inabwera pambuyo. Ganiziraninso momwe mwana amakwerera njinga. Pomwe mawondo ndi nsapato zimakhula pamayenera kutha, pomwe pankakhala kapilo kotchinga paipi yapamwamba pamayenera kusungika. Sitika yokalika mofanana paliponse, ngati wina anaipala dala, imandikayikitsa kuposa yatsopano.

Kwa NOS yosamata, tembenuzani muone pepala lakumbuyo. Lakale limakhala litachita chikasu, louma, nthawi zina lopindika, ndipo guluu wake amakhala atafooka. Pepala loyera mbee, lokhala ndi dzina la kampani ya masiku ano kapena adiresi ya pa intaneti, layankha kale funso lanu.

Ngakhale zili choncho, ine ndimati sitika ifunsidwe pomaliza. Yambani ndi chitsulo. Nambala ya felemu imadindidwa pansi pomwe pamazungulira mapedulo kapena kumbuyo pomwe pamalowa tayala, ndipo pa njinga zambiri imasonyeza mwezi ndi chaka. Kapangidwe nakonso kamalankhula. Pa GT paipi yapamwamba imaoneka ngati yaboola paipi ya chishalo n'kutulukira kumbuyo. Haro Freestyler ili ndi mapaipi awiri pamwamba. Skyway TA ili ndi mapaipi osongoka mbali imodzi ngati dontho la madzi. PK Ripper ndi ya aluminiyamu, ndiye ngati maginito akumata pa felemu yomwe yalembedwa dzinali, musavutikenso n'kuyang'ana inki. Zimenezi wachinyengo sangazisindikize pa makina.

Pali kasitika kena komwe ambiri sakalabadira koma ine ndimakaopa: kolembedwa 4130. Nambalayi ndi ya chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi molybdenum, chomwe amachitcha chromoly, cholimba kotero kuti mapaipi ake amatha kukhala opyapyala, njinga n'kupepuka. Njinga zotchipa zinali za chitsulo wamba. Ngakhale m'banja la Raleigh Burner, yotsika mtengo inali ya chitsulo wamba pomwe chromoly inali pa zapamwamba. Kumata 4130 pa felemu wamba kumapitirira nkhani ya mtengo, chifukwa wina adzakhulupirira kasitikako n'kuyamba kudumpha nayo. Maginito pano sathandiza, zonse ziwiri zimamata. Muyenera kudziwa mtundu wa njingayo ndi kulemera kwake.

Tsono ndifike pa chomwe chandilembetsa zonsezi. Njinga zakale zimatipeza ndithu. Zimabwera m'makontena a kaunjika pamodzi ndi zina, ndipo abale athu a ku Britain ndi ku South Africa amaziona zikugulitsidwa motchipa kapena zitatayidwa kuseri kwa nyumba. Munthu akapeza ka BMX kokalamba, maganizo oyamba amakhala kukapala ndi sandipepa, kukapopera penti, kenaka kupita kwa osindikiza zikwangwani kuti amupangire dzina latsopano lowala. Chonde musatero musanadziwe chomwe muli nacho. Ine ndinachitapo zimenezi pa Burner yomwe masitika ake anali ong'ambika theka, ndipo mpaka lero zimandipweteka, chifukwa ndinafufuta ndi manja anga umboni wokhawo wa momwe njingayo inatulukira m'fakitale ya Raleigh ku Nottingham. Penti mukhoza kupoperanso kakhumi. Sitika ya kufakitale ikachoka yapita. Theka la sitika yeniyeni limauza wodziwa zambiri kuposa seti yathunthu yatsopano, ndipo osonkhanitsa ambiri amalemekeza survivor kuposa njinga yokonzedwanso.

Kuisamala sikovuta. Madzi ofunda, sopo pang'ono, kansalu kofewa, kupukuta kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti musatukule ngodya. Petulo, thina ndi waya wotsukira mapoto zisayandikire. Isakhalitse padzuwa. Ngati felemu yafikadi poti iyenera kupentedwa, jambulani kaye sitika iliyonse pafupi, ikani rula pambali pake, sungani zithunzizo ndi tizidutswa tomwe mwachotsa. Ndipo tsiku lomwe mudzagulitse, nenani kuti masitika ndi atsopano. Wogula woona mtima sathawa mawu amenewo.

Kwa opanga repro ndili ndi pempho limodzi. Ikani kachizindikiro kakang'ono, kaya chaka chomwe mwasindikiza, pa ngodya yosaonekera patali kapena pa pepala lakumbuyo. Sikachotsa kukongola kwa njinga, koma kamamanga manja munthu wachitatu yemwe angagule kwa inu lero n'kukagulitsa mawa ngati za m'kabati yakale. Ena amakana ati makasitomala amafuna zofanana ndendende. Ine ndikuona kuti kasitomala yemwe akudana ndi kachizindikiro kosaoneka pokhapokha utawerama, ali ndi cholinga china.

Za Mongoose ija, mnzanga anapempha zithunzi zitatu: nambala ya felemu, sitika ya kutsogolo pafupi kwambiri, ndi pomwe pali mkalo uliwonse. Felemu inapezeka kuti ndi yeniyeni, ndipo nambala inagwirizana ndi chaka. Koma pa chithunzi chachiwiri timadontho tija tinaoneka, ndipo pansi pa sitika ina panali kabowo ka dzimbiri komwe kanakwiriridwa ndi penti. Wogulitsa atafunsidwa kachiwiri anavomera kuti anaipenta ndi kuiveka yekha chaka chatha, ndipo anatsitsa mtengo. Mnzangayo anaigula, ndipo pa risiti analembetsa kuti penti ndi masitika si za kufakitale.