Chenjezo kwa Akatolika odzaza tchalitchi pa Khirisimasi pokha

Abale anga mu Mpingo wa Katolika, makamaka inu amene timakuonani m'tchalitchi pa 25 Disembala kenaka n'kudzakuonaninso pa Pasaka kapena pa maliro, ndiloleni ndikutsineni khutu nthawi ikadalipo, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ndakhala zaka zambiri pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndikuthandiza kukhazika anthu pansi, ndipo munthu wokhala pakhomo amaona zimene wansembe ali kuguwa sangazione. Amadziwa nthawi imene munthu walowera, amamva fungo limene walowa nalo, ndipo amaona pamene wanyamuka mwakachetechete Misa isanathe.

Kudzaza kwa tchalitchi sikundidetsa nkhawa ayi. Kaya ndi ku Maula, kaya ku Limbe, kaya ku Bembeke, ngakhale kunthambi yaing'ono yofoleredwa ndi udzu, tsiku limeneli anthu amasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo mtima wa munthu wachikulire umakondwera poona zimenezi. Chondivuta ndi chimene chimakubweretsani. Ena mumabwera chifukwa muli kumudzi ndipo agogo anu sangalole kuti nkhuku ikhudzidwe banja lisanabwerere ku Misa. Ena mwasoketsa zovala ndipo mukusowa kokazionetsa. Alipo anyamata odzayang'ana mbeta, ndipo alipo atsikana odziwa kuti anyamatawo alipo. Koma alipo enanso amene chikumbumtima chawasautsa chaka chonse, ndipo nyimbo za kubadwa kwa Ambuye zikamamveka kuchokera kumene kwaya ikuphunzira madzulo, amakumbukira ubwana wawo ndi kulakalaka kubwerera. Amenewa ndimawalemekeza, ndipo ndikadakonda kuti pamene afika asapeze ife ozolowera tikuwayang'ana ndi diso lonyoza.

Kusasamala kumayambira kutali, Khirisimasi isanafike. Mpingo unatiikira nyengo ya Adiventi, masabata okhala ndi masiku a Lamulungu anayi, pamene wansembe amavala chofiirira, nyimbo ya Ulemu siimbidwa, ndipo timamva Yohane Mbatizi akufuula m'chipululu kuti tikonze njira ya Ambuye. Masiku amenewa ansembe amayendera nthambi ndi miphakati, imene kum'mwera amaitcha malimana, kuti anthu alape. Ndikuuzeni zimene ndimaona: mzere kwa telala ndi wautali, ku saluni munthu amadikira tsiku lonse, pa makina otengera ndalama kubanki anthu amaima padzuwa osadandaula, koma wansembe amakhala pampando wolapitsira ali yekha, akupemphera korona, n'kulandira agogo asanu kapena asanu ndi mmodzi omwe aja amene amalapa mwezi ndi mwezi. Disembala ndi mwezi umene tonse tikudziwa kuti munda ukufuna khasu. Munthu amene sanagalauze, sanabzale, sanapalire, sitimuona akunyamula dengu kupita kokolola, ndipo akatero timati mutu wake sukuyenda bwino. Nanga bwanji pa za mzimu tikuchita zomwezo mopanda manyazi?

Apa ndiye pali nkhani imene imandiopsa kuposa zonse, nkhani ya kulandira Ukaristia. Ikafika nthawi yake pa Khirisimasi, mabenchi amadzuka onse ngati anthu opita kukalandira thandizo la chimanga, ndipo pamzerepo pamakhala anthu amene sanaponde m'tchalitchi kuyambira Pasaka ndipo sanagwadepo kolapa kwa zaka. Paulo Woyera analembera Akorinto, m'kalata yake yoyamba pa mutu 11, kuti munthu ayambe wadziyesa yekha asanadye mkatewo ndi kumwera chikhocho, chifukwa wakudya ndi kumwa mosazindikira Thupi la Ambuye amadzidyera chilango. Lamulo la Mpingo likunena zomwezo: amene akudziwa kuti ali ndi tchimo lalikulu ayambe walapa, ndipo aliyense asale chakudya ndi chakumwa, kupatula madzi ndi mankhwala, kwa ola limodzi asanalandire. Kujomba Misa ya Lamulungu mwadala, popanda chifukwa chomveka, ndi nkhani yopita nayo kolapa, ndipo tonsefe tinaphunzira zimenezi pa katekisimu tisanalandire Ukaristia woyamba.

Ndamva ena akudzikhululukira kuti Mpingo womwewo umalola munthu kubwera kamodzi pachaka. Amene amanena zimenezi anamva mbali imodzi n'kuthamanga nayo. Lamulo lija linachokera ku msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Lateran mu 1215, ndipo limanena za kulapa kamodzi pachaka ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Pasaka, monga malire otsikitsitsa amene Mkhristu sayenera kupyola. Silinachotse udindo wa kuchita nawo Misa Lamulungu lililonse ndi pa masiku akuluakulu olamulidwa, amene Khirisimasi ndi limodzi mwa iwo. Ndipo inu amene mukudziwa kuti ukwati wanu sunakonzedwe, n'kumakwera minibasi kupita ku parishi ya kutauni kumene sakudziwani kuti mukalandireko, mwabisalira bambo mfumu ndi akuluakulu a mphakati, koma Amene mukukamulandirayo akukudziwani ndi dzina. Ndimalemekeza kwambiri mayi kapena bambo amene amakhala phee pa benchi anzake akupita kutsogolo, chifukwa ameneyo akadali ndi mantha oyenera, ndipo njira yake yobwerera ndi yaifupi kuposa ya wodzinamizayo.

Tsopano za mowa. M'maparishi ambiri Misa ya usiku wa pa 24 siyambanso pakati pa usiku monga kale. Imayamba madzulo kuti anthu abwerere bwino, poganizira mvula, mdima ndi achifwamba. Komabe pofika nthawi imeneyo ena amakhala atayamba kale chikondwerero chawo kuyambira masana. Chaka china, kuparishi kumene sindikutchula, mnyamata wina wobatizidwa bwino, mwana wa banja lodziwika mu Mpingo, analowa akudzandira pamene Mthenga Wabwino wa Luka unkawerengedwa, nakhala pakati pa amayi okalamba, ndipo pamene belu linkalira pa nthawi yopatulitsa mkate ndi vinyo, iye anasanza pabenchi pomwepo. Tinamunyamula anthu awiri. Chimene sindidzaiwala ndi nkhope ya mayi ake, amene anali mukwaya atavala yunifolomu, ndipo anapitiriza kuimba misozi ikutsika. Kunja kwa mpanda kunali anzake ena khumi ndi mabotolo m'matumba, akudikira atsikana kuti atuluke, ndipo makolo a atsikanawo anali kunyumba akugona mtima uli m'malo poganiza kuti ana awo ali kutchalitchi. Makolo, mwana akanena kuti akupita ku Misa ya usiku, valani nsapato mupite naye. Mimba zina zimene timazidabwa m'mwezi wa Malichi zimayambira kuseri kwa tchalitchi usiku woyerawo. Ndipo inu a kabaza ndi oyendetsa galimoto amene mumanyamula anthu mutalawa, dziwani kuti Misa simatsuka mowa m'magazi.

Palinso mliri wa mafoni. Khola limene achinyamata amamanga pafupi ndi guwa lili ndi chiyambi chake: Fransisko Woyera wa ku Assisi analikonza ku Greccio mu 1223, ndi udzu weniweni, ng'ombe ndi bulu, pofuna kuti anthu aone ndi maso awo umphawi umene Mwana wa Mulungu anabadwiramo. Lero anthu amaima kutsogolo kwa khola lomwelo, atafulatira Mwana wogonekedwa modyera ng'ombe, akudzijambula kuti pa Facebook ndi pa WhatsApp anzawo aone suti yatsopano. Ena amajambula kwaya kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira, mkono uli m'mwamba, kutchinga agogo amene ali kumbuyo kwawo, ndipo mukawafunsa potuluka kuti Mthenga Wabwino unachokera m'buku liti, amangoseka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za zovala ndinene pang'ono, chifukwa zili ndi mbali imene ambiri saiganizira. Kuvala bwino popita kwa Ambuye ndi ulemu, ndipo palibe akuletsa. Koma tasandutsa tsikuli kukhala mpikisano, mpaka mayi wamasiye amene ndalama yake yonse yathera ku feteleza, amene ana ake avala za kaunjika zomwe anavala chaka chatha, amaganiza zongokhala pakhomo kuopa kuti anawo akasekedwa. Ndikudziwa mabanja amene amabwera ku Misa chaka chonse mokhulupirika koma pa Khirisimasi pokha amasowa, ndipo chifukwa chake n'chimenechi. Taganizirani kupotoka kwake: pa tsiku limene uthenga unayamba kufika kwa abusa ogona kubusa, mmphawi ndiye akuchita manyazi kulowa, ndipo malo ake pa benchi atengedwa ndi mlendo wa kamodzi pachaka amene akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Yakobo Woyera anadzudzula kale khalidwe lotere pa mutu 2 wa kalata yake, pamene ananena za munthu wa mphete yagolide wopatsidwa malo abwino ndi wosauka wouzidwa kuti aimirire uko.

Ochedwa nawo ndi ambiri. Amalowa ulaliki uli pakati, n'kumafuna malo akutsogolo, ndipo akangolandira Ukaristia amapitirira kukhomo ali chitafunire, poti mpunga ukupsa ndiponso minibasi zidzaza. Kwathu kuno mlendo amene wadya n'kunyamuka osatsanzika mwini nyumba timamuona ngati wosaleredwa.

Ndisaiwale amene sabwera n'komwe. Anamwino, apolisi, alonda ndi onse amene ntchito yawagwira, komanso odwala ndi owasamalira, Mpingo umawamvetsa, ndipo Radio Maria ndi Luntha TV zimawafikitsira mapemphero kumene ali. Koma munthu wamphamvu zake amene wagonera matsire, n'kutsegula wailesi ali pabedi, asadzinamize kuti wachita nawo Misa. Amene mumapita kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima mumadziwa kufunsa mtengo wa chipinda ndi kumene kukupezeka chambo, koma simufunsa kuti tchalitchi chili kuti, chonsecho madera onsewo ali ndi maparishi. Abambo, inu mumavala jekete n'kupita kukakhala kutsogolo, mayi a kunyumba mutawasiya pamoto kuyambira mbandakucha, ngati kuti chakudya chikachedwa ndi maola awiri wina afa. Ndipo mabwana amene muli ndi wantchito wapakhomo wa Chikatolika, n'kumuuza kuti lero kulibe kutuluka chifukwa kukubwera alendo, pamene inu mukupita kukaimba za mtendere pansi pano, funsani mtima wanu ngati nsembe yanuyo ili yoyera.

Khirisimasi siitha dzuwa la pa 25 likalowa. Pa 26 timakumbukira Stefano Woyera, woyamba kuphedwa chifukwa cha Khristu, pa 28 ana osalakwa amene Herode anawapha, Lamulungu la m'sabata lomwelo ndi la Banja Loyera, ndipo nyengoyi imapitirira mpaka pa chikondwerero cha Ubatizo wa Ambuye mu Januwale. Tsiku la 1 Januwale ndi la Maria Amayi a Mulungu, dzina limene maepiskopi analitsimikiza ku Efeso mu 431, ndipo kuyambira 1968, pa pempho la Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi, tsiku lomweli timapempherera mtendere pa dziko lonse. Koma m'mawa wa tsikuli mabenchi amakhala gwaa, chifukwa ena achezera kumowa, ndipo ena, Akatolika obatizidwa ndi kulimbitsidwa, achezera kwa aneneri kukalandira maulosi a galimoto ndi maulendo a kunja. Sindikunyoza mapemphero a anthu a mipingo ina, aliyense ali ndi kwawo. Ndikufunsa mwana wa m'nyumba muno amene amagona kwa aneba usiku wonse n'kulephera kudzuka pamene mayi ake akumuitana m'mawa.

Ansembe a Montfort pamene anafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, matchalitchi anali otalikirana, ndipo makolo athu ankayenda wapansi mitunda yaitali m'matope a Disembala, kuwoloka mitsinje yodzaza, atanyamula ufa pamutu, kuti akafike kumishoni tsiku lisanafike, alape, agone komweko, ndipo achite nawo Misa. Ngakhale lero zilipo nthambi zambiri zimene pa Khirisimasi sizimuona wansembe, chifukwa mmodzi sangafike paliponse, ndipo Akhristu a kumeneko amasonkhana ndi katekisiti wawo, kumva Mawu a Mulungu, n'kubwerera osalandira Ukaristia umene akuulakalaka. Inu a m'tauni muli ndi Misa ziwiri kapena zitatu pa tsiku, tchalitchi chili pamphuno, ndipo mukuchedwabe.

Funsani kwa mtsogoleri wa mphakati wanu tsiku limene ansembe akubwera kudzalapitsa, ndipo mupite sabata ino, mzere usanatalike pa 24 madzulo pamene wansembe watopa kale. Ngati pali nkhani ya ukwati, kaonaneni ndi bambo mfumu ku ofesi. Ine ndidzakhala pakhomo lomwe lija pa Khirisimasi, ndipo ndidzakupezerani malo monga mwa masiku onse. Ndidzakhalaponso Lamulungu lotsatira, la Banja Loyera, pamene mabenchi amene tinabwereka kusukulu adzakhala atabwezedwa kale, ndipo ndidzayang'ana kuti mwa inu wabwerera ndani.