Ndapita ku uzimba ndi apongozi anga ku Wisconsin

Abale anga, ndabwerako kutchire. Zala za kumapazi mpaka pano zidakali dzanzi, koma ndilembe msanga nkhaniyi isanazizire m'mutu.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndinakwatira kuno ku Wisconsin, ku America, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala ndikuuzemba ulendo umenewu. November akangofika, apongozi anga aamuna amayamba kupukuta mfuti zawo n'kumafunsa mwana wawo ngati mkamwini abwera chaka chino. Ine chonamizira sichinkasowa: ntchito, chimfine, galimoto yavuta. Chaka chino mayi akunyumba anangogula chipewa cha olenji n'kuchisiya pa pilo panga osanena kanthu. Ndinadziwa kuti zanga zada.

Kuno nyengo yosaka ndi mfuti ndi ya masiku 9 okha, kuyambira Loweruka loti holide ya Thanksgiving ikubwera Lachinayi lake. M'masiku amenewo anthu oposa theka la miliyoni amalowa m'tchire. Nyama yake ndi imene amaitcha white-tailed deer. Ine ndiziti gwape kuti timvane, ngakhale si gwape wathu uja. Uyu thupi lake amaposa mbuzi ziwiri, akamathawa amaimika mchira woyera, ndipo wamphongo nyanga zake zimachita nthambi, zimagwa chaka chilichonse n'kumeranso zina.

Tinanyamuka Lachisanu ku Madison kupita kumpoto, kufupi ndi Rhinelander, kumene banja lili ndi malo a maekala 40 ndi kanyumba ka matabwa kamene anamanga bambo awo a apongozi. Tinalimo anthu asanu ndi awiri: apongozi, achimwene awo, alamu anga awiri, ana awiri a mlamu wanga wamkulu, ndi ine mlendo.

Kwathu ku Ntchisi mkamwini akakumana ndi apongozi panjira amapatuka n'kunjuta. Kuno, 5 koloko m'mawa, kunja kuli mdima wa ndiweyani, apongozi anandikweza pa kansanja konga kolonderapo anyani kumunda, ndipo tinakhala phewa ndi phewa maola asanu, khofi tikumwera chikho chimodzi. Sinowo ali mbuu, kuzizira kolowa m'mafupa. Nditayesa kufunsa kanthu anangoika chala pakamwa. Mawu amene anayankhula m'mawa wonsewo anali awa: “Mkamwini, musagwedeze phazi.” Amayi anga akanaona akanati ndasiya mwambo.

Tsopano ndinene zimene ndalembera. Ine uzimba wa kunowu ndinkauseka. Ndinkati kusaka kwanji kokhala ndi mapepala? Munthu ugule laisensi, ukaphunzire kaye kagwiridwe ka mfuti ngati unabadwa kuyambira 1973 kubwera kuno, uvale zovala za olenji kuti mnzako asakuyese nyama, usawombere mpaka patatsala mphindi 30 kuti dzuwa lituluke, ukapha ukalembetse ku boma pa foni lisanafike 5 koloko madzulo a tsiku lotsatira. Ndinkadzitama kuti uzimba weniweni unali wa agogo anga: amfumu alengeza, amuna a midzi itatu atuluka ndi agalu, zibonga, mauta ndi maukonde, tchire alizinga, moto auyatsa, nyama ikagwa mwini wake ndi amene anayamba kuilasa, mwendo upita kwa amfumu. Nkhani zimenezi ndinakula nazo, ndipo ndimazikonda mpaka lero.

Koma nditakhala pa nsanja paja, ndinadzifunsa: ine uzimba umenewo ndinauonapo? Ayi. Ndinaumva chabe pamoto. Ine ndi anzanga tinakula tikukumba mbewa ndi kulasa timba ndi legeni. Gwape wamoyo ndinamuona koyamba ku Liwonde pa ulendo wa sukulu, ndili pa windo la basi. Pamene mtsikana wa mlamu wanga, wa zaka 14, amadziwa kusiyanitsa mapazi a yamphongo ndi yaikazi, amadziwa mtengo umene nyama yakhula nyanga, amadziwa kukhala moti mphepo isatengere fungo lake kwa nyama. Iye agogo ake amusiyira tchire lokhala ndi nyama. Ine agogo anga anandisiyira nthano. Zimenezi zinandiwawa kuposa kuzizira kuja.

Musaganize kuti ndikuwayesa angelo anthu a kunowa. Iwonso anatsala pang'ono kumaliza zonse. Cha m'ma 1900, atadula nkhalango ndi kupha nyama zogulitsa m'mizinda, m'dziko lonse la America munatsala agwape osapitirira theka la miliyoni. Nkhunda zina zakutchire zimene zinkauluka mpaka kuphimba dzuwa anazitheratu, yomaliza inafa mu 1914. Komanso nkhalango ya kumpotoyi inali ya anthu a mtundu wa Ojibwe, amene anachita kukamenya nkhondo m'makhoti kuti ufulu wawo wosaka, wolembedwa m'mapangano a 1837 ndi 1842, uzindikiridwenso mu 1983. Ndiye dyera ndi lomwelo kulikonse. Chimene anachita chosiyana n'chakuti anabwerera m'mbuyo. Analetsa malonda a nyama yakutchire, anaika nyengo, anayamba kuwerenga. Mu 1937 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Pittman-Robertson, loti msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo uzipita ku ntchito yosamalira nyama ndi malo ake. Lero agwape ali pafupifupi 30 miliyoni, achuluka mpaka akuswa magalimoto m'misewu ndi kudya chimanga cha alimi.

Ndikudziwa wina alemba kale kuti “kumeneko anthu ndi okhuta, kuno ndi njala”. Sindikukana. Wisconsin ndi wamkulu kuposa Malawi, koma anthu ake sakwana 6 miliyoni. Ife mu 1966 tinali 4 miliyoni, pofika 2018 tinali 17.5 miliyoni, ndipo aliyense akufuna munda ndi nkhuni. Tchire la agogo lija pano ndi minda ya fodya ndi soya. Zimenezo ndi zoona.

Koma njala yokha siifotokoza zonse. Chimene ndaona kuno n'chakuti munthu wamba ali ndi gawo lake pa nyama, lovomerezeka, lotsika mtengo. Laisensi ya munthu wokhala m'dera lino ndi madola 24. Apongozi anga anali okonza mapaipi a madzi, si bwana ayi. Nyama ija amaiona ngati yawo, ndiye munthu wowombera usiku ndi tochi amamuona ngati wakuba wolowa m'khola mwawo, ndipo amamunenera okha. Kwathu, chiyambire nthawi ya atsamunda, nyama inasanduka ya boma ndi ya alendo a makamera. Wa kumudzi wake ndi mlandu basi. Njovu ikamudyera chimanga auzidwa kuti apirire, akagwidwa ndi mwendo wa insa amangidwa. Chinthu chimene si chako ungachisamale bwanji? Umangoti ndidyeretu asanadye wina, n'kutchera msampha wa waya umene susankha, ugwira yabere, ugwira mwana.

Inde, Majete inadzukanso kuchokera pamene bungwe losamalira nyama la African Parks linaitenga mu 2003, ndipo ku Nkhotakota anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Ndimanyadira. Koma zonsezo zili mkati mwa mpanda wamagetsi. Ine ndikufunsa za kunja kwa mpanda: nkhalango za m'midzi, mapiri a mafumu athu. Kodi n'zosatheka kuti mudzi usunge phiri lake zaka khumi osatentha, agwape ndi akalulu abwerere, kenako amfumu alengeze uzimba wa masiku atatu, nyama zowerengeka, aliyense alaweko? Sindikunena zogawira anthu mfuti, chonde, imeneyo ndi nkhani ina ndipo kuno yawavuta okha.

Za ulendowo, ine sindinawombere kanthu. Tsiku lachiwiri yaikazi inadutsa pafupi kwambiri moti ndinamva kupuma kwake, koma chilolezo chathu chinali cha yamphongo, ndipo apongozi anangoiyang'ana mpaka inalowa m'mitengo. Mtima wanga wa ku Ntchisi unkangoti ndiwo ikupita iyo! Tsiku lachitatu mtsikana uja ndiye anagwetsa yamphongo ndi chipolopolo chimodzi. Analira pang'ono, kenako anaitumbula yekha agogo ake akumulozera podula. Potumbulapo ndiye ndinaonekerako, poti mbuzi ndasenda zambiri. Anadabwa kuona ndikutola chiwindi ndi mtima zimene alamu anafuna kusiyira ankhandwe.

Pogawana, apongozi anandipatsa mwendo wathunthu wam'mbuyo. Ndinawauza kuti kwathu umenewo ndi wa amfumu. Anaseka n'kunena kuti, “Ndiye chaka chamawa mubwere ndi ufa, mfumu.”

Dzulo taphika ndi tomato ndi anyezi, nsima ya ufa woyera pambali. Nditakhuta ndinaimbira malume kumudzi pa WhatsApp, n'kuwafunsa kuti gwape anamuona liti komaliza kuphiri kwathu kuja. Anakhala chete kanthawi, ndinayesa netiweki yaduka. Kenako anati, “Chaka cha referendamu, mphwanga. Anathawira kudambo, agalu a kwa aNgozo anamugwira.”